Andisiya ndekha m'chifunga pa phiri la Mulanje

Moni nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Mulanje. Kanali koyamba kukwera phirili, ndipo anandikakamiza ndi a Fabiano, amuna ake a mlongo wanga Esnart. Anati, "Alamu, inu mumayenda m'tiyi tsiku lonse, kaphiri aka kangakuvuteni?"

Titakwera kwambiri, mawondo anga anakana, ndinakhala pamwala. Iwo anati, "Dikirani pompano, ndikangojambula pamwambapo ndibwera." Anapita ndi wotiperekeza, madzi anga ali m'chikwama chawo.

Kenako chifunga cha Chiperoni chinatsika. Ngakhale nsapato zanga sindinkaziona. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, osayankhidwa. Ananditsitsa ndi bambo wina wosenza matabwa, ine nditagwira malaya ake kumbuyo ngati mwana.

Ndagwira ukapitawo pa esiteti zaka zambiri. Chifunga chikagwa m'munda, sindichoka ndisanawerenge othyola tiyi anga onse. Koma a Fabiano atandipeza m'munsi anangoseka, amvekere, "Alamu, taonani zithunzi!"

Tsopano akuti mwezi wamawa apitenso kuphiriko ndi mwana wanga Tadala. Ndakana. Esnart akuti ndikukulitsa nkhani.

Inu mukanampereka wanu?