A Mwangolera ndi Mpando wa ku Karonga

A Lawford Mwangolera anafika ku Lilongwe atakhala pamwamba pa mafailo. Chinali chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba, ndipo lole imene inanyamula makabati a ofesi yawo inanyamulanso iwowo, poti akuluakulu anati pakhale munthu woonetsetsa kuti mapepala asauluke m'njira. Anatsika ali mbuu ndi fumbi, kolala yokha ikuwala chifukwa anaikulunga ndi mpango. Anali kalaliki, kwawo ku Karonga, mkulu wa mpingo, munthu wamtali ndi woonda moti akaima pafupi ndi njinga yawo zinkaoneka ngati za bere limodzi.

Masiku amenewo boma linali ngati bambo wa mitala: lero lagona ku Zomba, mawa ku Lilongwe. Mabwana ankangouluka uku ndi uku, ndipo wowalembera zikalata za maulendo anali a Mwangolera. Posakhalitsa analoweza nthawi za ndege zonse monga ankalowezera mavesi: ya ku Chileka m'mawa, yobwerako masana, ndi kandege kakang'ono ka Lachinayi kamene kankatera ku Mzuzu n'kupitirira ku Karonga. Bwalo la ndege linali lakale lija la pafupi ndi tauni, la ku Lumbadzi lisanamangidwe, ndipo ndege ikamadutsa pamwamba pa ofesi iwo ankayang'ana wotchi, osati kumwamba, n'kunena kuti, "Yachedwa."

Chimene chinawatchukitsa ndi tikiti yodikirira. Anatulukira kuti munthu amene anasungitsa mpando akapanda kubwera, mpandowo ankaugulitsa motchipa ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Anthu ena ankadziwanso zimenezi, koma ankangopita ku bwalo kukayesa mwayi, n'kubwerera ndi masutikesi awo pamutu. A Mwangolera sankayesa mwayi. Iwo ankadziwiratu bwana amene sabwera.

Njira yake inali iyi. Loweruka masana ankapalasa njinga kupita ku Area 12, kumene nyumba za mabwana zinali zitangomangidwa, mitengo yake isanafike n'komwe m'chiuno. Sankagogoda pa khomo la munthu. Ankaima pa geti n'kumacheza ndi alonda ndi osamalira maluwa. Mnzawo wamkulu anali a Jobu, bambo wachikulire wa ku Mitundu amene ankathirira kapinga pa nyumba ina ya pakona ndipo ankadziwa za m'mipanda yonse ya mumsewumo.

"Abwana anu akuti Lachiwiri ali pa ulendo," ankayamba motero a Mwangolera.

"Ulendo wake uti? Adona atumiza nkhuku zitatu, ndipo dzulo tatsuka makatani. Kukubwera apongozi kuno."

Basi. A Mwangolera ankadziwa kuti Lachiwiri pali mpando. Suti yakuda ikakhala pa chingwe, nsapato zitapukutidwa, ankadziwa kuti palibe. Anamwino, aphunzitsi, amayi opita kukaona odwala ku chipatala chachikulu ku Blantyre, onse ankadzera kwa iwo. Sankalandira kanthu. Malipiro awo anali dzina limene anthu anawapatsa, lakuti a Kaputeni, ndiponso mwayi wolangiza wapaulendo aliyense.

"Mukakhale kumanzere," ankatero, "kumanja dzuwa limawotcha. Ikamanyamuka makutu amatseka, ndiye muyamwe switi. Ikagwedezeka musakuwe, ndi mitambo chabe, ili ngati mabampu a msewu wa ku Likuni."

Ankafotokoza bwino kwambiri moti sikunali kwapafupi kukhulupirira kuti iwo eni ake anali asanapondemo m'ndege. Koma zinali choncho, ndipo a Zikhale, kalaliki mnzawo wa desiki yoyandikana, sankalola kuti nkhaniyi iiwalike.

"A Kaputeni, tatiuzaninso za makutu zija. Anu anatsekera kuti, pa lole ya ku Zomba?"

"Mzamba safunika kukhala ndi pakati kuti adziwe ntchito yake," ankayankha a Mwangolera, maso ali pa failo. Komabe tsamba lomwelo ankaliyang'ana mpaka nthawi ya tiyi.

Mwayi wawo unabwera ndi telegalamu, mwezi wa February. Mwana wawo woyamba, Efelo, amene anakwatiwa ku Karonga, anali woyembekezera koyamba ndipo masiku anali atayandikira. Pa mimba yoyamba mayi wake wa mtsikana sasowa. Zimenezi akazi awo, a Janeth, sanafune n'kukambirana komwe. Vuto linali mvula. Msewu wa kumpoto unali utaduka malo awiri, ndipo basi imene inanyamuka sabata yathayo ankati ikadali pa mlatho wina, okwera akuphika chimanga m'mbali mwa msewu.

A Mwangolera anapalasa njinga kupita kwa a Jobu. Anabwerako akuimba nyimbo ya m'buku. Bwana wina wa zamalo ndi adona ake anasungitsa mipando iwiri pa kandege ka Lachinayi, koma adonawo anali atathyoka mwendo pa masitepe a nyumba yatsopano.

"Amake Efelo, mipando ndi iwiri," anatero atafika pakhomo. "Iwiri! Ndapempha kale tchuthi m'mutu mwangamu."

"Apepeseni kaye adonawo," anatero a Janeth.

"Ndawapepesa m'njira."

Kandege ka ku Karonga kanali ndi lamulo lake: ankayeza munthu pa sikelo pamodzi ndi katundu wake, ngati fodya ku okushoni. A Mwangolera ankalidziwa lamuloli kuposa wina aliyense, choncho Loweruka anatenga akazi awo ndi sutikesi imodzi kupita ku Old Town, ku sitolo ya a Ebrahim, kumene kunali sikelo yoyezera matumba a mpunga. Iwo anakwera ndi nsapato zomwe.

"Mapaundi 140," anatero a Ebrahim. "Bambo Lawford, inu ndi thumba la mchere palibe kusiyana. Amayi, kwerani."

"Ndikwera, koma nambala yake musatchule. Mulembe pa pepala."

A Ebrahim analemba, napinda pepalalo kawiri, n'kulipereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri. A Mwangolera anawerengera, naona kuti zonse zikukwana, malo n'kutsalako. Anagula maswiti a makutu ndi tayi yatsopano.

Kulakwa kwawo kunachitika Lamulungu, ndipo kunali kulakwa kwa munthu waulemu. Mkulu wa mpingo sachoka mwakachetechete ngati wakuba, amatsazika. Nthawi ya zolengeza anaimirira n'kupempha mapemphero, poti iwo ndi amayi akupita ku Karonga Lachinayi. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anakonza tayi nawonjeza kuti, "Pa ndege."

Theka la mpingo umenewo linali la anthu a kumpoto amene anabwera ndi maofesi, ndipo kwa miyezi iwiri panalibe amene anatha kutumiza kanthu kwawo. Lolemba m'mawa, a Janeth asanasese n'komwe, munthu woyamba anali atafika kale ku nyumba yawo ku Area 18.

"Odi kuno! Tamva za ulendo. Ndi kaphukusi kakang'ono chabe, mukangopatsa achemwali anga pa boma pomwepo."

Onse ankati kakang'ono. Munali shuga, sopo wa mtanda, nsalu, nsapato za ana a sukulu, matayala awiri a njinga, chitini cha utoto, ndi mutu wa makina osokera wokulungidwa m'bulangete ngati khanda. A Ada, mayi wamasiye wa ku kwaya, anabweretsa mabulangete awiri ndi botolo la mankhwala a chifuwa la amayi awo okalamba. Makalata okha anadzaza chikwama.

Kwa anthu amenewa, kukana phukusi la kumudzi n'chimodzimodzi kulambalala maliro. Ndiponso a Mwangolera sakanatsegula pakamwa, chifukwa kwa zaka zitatu aliyense amene anamupezera mpando wa ku Karonga ankamusenzetsa kaphukusi kawo kakang'ono ka Efelo. Tsopano iwo ankalandira maphukusiwo ndi manja awiri, n'kumati, "Palibe vuto," kwinaku akuliyeza m'manja mwakachetechete. Pofika Lachitatu, pabalaza panalibe popondapo.

"Abambo a Efelo, inu amene mumadziwa za ndege," anatero a Janeth, "zonsezi zikwera?"

"Mulungu adzaona."

"Mulungu adzaona, koma woyeza ndi a Ursula."

A Ursula anali mayi wa pa desiki ya matikiti, wa ku Likuni, wosaseka pa ntchito. Iye ndi a Mwangolera ankalemekezana monga amachitira anthu awiri odziwa chinthu chimodzi. Lachinayi m'mawa anakweza maso n'kuona a Kaputeni atavala suti, akazi awo ali pambuyo, ndipo pambuyo pa akaziwo pali anthu oposa makumi awiri operekeza, aliyense atanyamula phukusi lake lomwe kuti awapepuze. A Zikhale nawonso analipo, atathawa ku ofesi. Ankati akufuna akaone ndi maso.

Bwana wa zamalo ndi adona ake sanabwere, monga ananenera a Jobu. A Ursula analemba matikiti awiri. A Mwangolera anayang'ana dzina lawo pa tikitipo nthawi yaitali kuposa mmene dzina limafunira.

Kenaka sikelo. A Janeth anakwera ndi sutikesi, a Ursula n'kulemba osatchula, poti nawonso ndi mayi. A Mwangolera anakwera: 140. Ndiye anayamba kuunjika maphukusi. Muvi wa sikelo unayenda, unayenda, n'kukaima pa 137.

A Ursula anaika cholembera pansi.

"A Mwangolera, lero tanyamula matumba a makalata a masabata atatu ndi makatoni a chipatala cha ku Mzuzu. Malo otsala ndi a amayiwa, sutikesi yawo, ndi mapaundi 140. Kaya akhala inu, kaya akhala awa. Zonse ziwiri ayi."

"Mwina tikachotsako pang'ono..."

"Mukachotsa onse, mukwera. Inu simuchotseka pang'ono."

"Ine ndiye musandiyang'ane," anatero a Janeth, atagwira chikwama chawo pamimba. "Mwana wanga akundidikira."

Panalibe amene ankawayang'ana a Janeth. Onse ankayang'ana a Mwangolera, ndipo aliyense anali ataima pafupi ndi phukusi lake. Palibe anapempha. Mwini makina osokera anayamba kuyang'ana kudenga. A Ada anawerama n'kuyamba kusolola mabulangete awo pa muluwo, pang'onopang'ono, akuti, "Anga asakuvutitseni, a Kaputeni, amayi adzafunda chaka chamawa."

Kunja kandege kanali katayamba kale kuzunguza mapiko a kutsogolo. Kanali kakang'ono kuposa mmene iwo ankakafotokozera.

"Bwezerani pomwepo, mayi," anatero a Mwangolera. Anatembenukira kwa a Ursula. "Tikitiyo musaing'ambe. Katunduyu akwere pa dzina langa."

Ndi mmene zinachitikira. Maphukusi ena analowa kumbuyo, koma mutu wa makina, shuga ndi mabulangete a a Ada anaziika pa mpando wa a Mwangolera, kumanzere, n'kuzimanga lamba. Iwo anapereka maswiti onse kwa akazi awo nawakumbutsa za makutu. Operekeza anaimba nyimbo ya ulendo. Ndege itanyamuka, aka kanali koyamba kuti anthu aone a Mwangolera akuiyang'ana kumwamba, mpaka inalowa m'mitambo ya ku Dowa. Atatero anayang'ana wotchi.

"Yanyamuka pa nthawi yake," anatero.

 A Zikhale anawanyamula pa njinga mpaka ku depoti ya mabasi osanena kanthu, chimene anthu a mu ofesi imeneyo amachikumbukira kuposa nkhani ya ndegeyo.

A Janeth anafika ku Karonga dzuwa lisanafike pamutu. Efelo anachira Loweruka, mwana wamkazi, amayi ake ali pambali. A Mwangolera anafika Lachiwiri, atakankha basi m'matope kawiri, tayi yatsopano ili m'thumba. Anapeza maphukusi onse atafika kwa eni ake, ndipo kulikonse kumene ankadutsa anthu ankawathokoza ndi nthochi ndi mpunga, zimene zinafunika kubwerera nazo ku Lilongwe pamodzi ndi timaphukusi tina tating'ono. Pobwerera onse awiri anakwera basi.

Sanapezenso mwayi wina. Bwalo litasamukira ku Lumbadzi, ndege zinakula, mabwana anayamba kuimba foni akasintha maganizo, ndipo a Jobu anabwerera ku Mitundu. Tikiti ija anaisunga m'Baibulo. A Zikhale, chifundo chitawathera patapita mwezi, ankauza aliyense watsopano mu ofesi kuti a L. Mwangolera anaulukapo kamodzi kupita ku Karonga, ali shuga ndi makina osokera.

Anthu sanaleke kubwera kudzafunsa za mipando yotchipa, ndipo a Kaputeni sanaleke kulangiza. Chimene chinasintha n'chimodzi. Akafika pa nkhani ya makutu, mawu ankachokera kukhitchini.

"Satseka ayi. Amangolira pang'ono."

"Amatseka, amake Efelo."

"Munaliko?"

A Mwangolera ankadikira kuti mbale ziyambenso kulira, n'kuweramira kwa mlendoyo, n'kunena chapansipansi kuti, "Switi mugulebe. Ndipo ku tchalitchi mukangoti muli pa ulendo. Zinazo akamve mutabwera."