Kamera yanga, diso la eni ake

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino kunja, anandiimbira foni kufunsa mphatso imene ndingakonde. Iye ankaganiza kuti nditchula filiji. Ine ndinati ndikufuna kamera, ija yaikulu ya miyendo itatu, imene wojambula amachita kufunda nsalu yakuda kumutu.

"Amayi, foni ndinakutumizirani ija sijambula?"

"Imajambula, koma sindiona zimene ikuchita m'katimo."

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ya pa Boma, ndinkaboola makatoni ndi singano poonetsa ana mmene kuwala kumayendera. Tsopano ndinkafuna chinthu chenichenicho.

Patapita masiku anandiimbiranso. Anati wapeza kamera zatsopano za mtundu womwewo, koma zimabwera zili zidutswazidutswa m'katoni, mwini wake n'kulumikiza yekha. Sabata yomweyo mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti kwawo ku Linthipe kuli mkulu wina amene kale ankajambula anthu pamsika, ndipo kamera yake yakalekale ikadalipo. Ana ake ankamuuza kuti aigulitse.

Amuna anga sanachedwe kusankha. Iwo anali kalaliki moyo wawo wonse, koma chipumireni pa ntchito amadziyesa kalipentala. Wodulopu ya kuchipinda kwathu analumikiza ndi iwo, ndipo chitseko chake timachita kutsekera ndi mpando.

"Itanitsani yam'katoniyo," anatero. "Zida ndili nazo."

"N'chimene chikundiopsa," ndinawayankha.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Linthipe ndekha. Mkuluyo ndinamupeza pakhonde, atavala jekete ndi chipewa chaubweya, tsitsi lotuluka m'mbali lili mbuu. Atamva chimene ndadzera, sanadzuke. Anayamba kundifunsa mafunso ngati ndabwera kudzafunsira mwana wake. Kunyumba kwanu kumadontha? Kuli adzukulu ogwiragwira zinthu? Mumapsa mtima msanga? Nditayankha zonse ndi pamene analowa m'nyumba n'kutulutsa bokosi lachitsulo.

Kamera imene inali m'menemo inali yokongola, zoona. Thabwa lake linali lofiirira, losalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri, ndipo pakati panali chikumba chopindikapindika ngati mvukuto. Anaiimika pabwalo, nailozetsa kumsewu, n'kundifunditsa nsalu yonunkha nkhungu. Pagalasi la kumbuyo ndinaona amayi awiri atasenza madengu a kabichi, akuyenda chadodolido, miyendo m'mwamba. Zimenezi ndinaziphunzitsa kambirimbiri pabolodi, koma ndinakuwa ngati mwana.

"Agwa?" anafunsa mkuluyo, osaseka n'komwe.

Kenako ndinachotsa galasilo n'kusuzumira m'chikumba muja dzuwa likuwomba. Munali tinyenyezi tambirimbiri. Tonseto tinali timabowo tolowetsa kuwala kumene sikufunika. Mwendo umodzi unali wofumbwa, womangidwa ndi mphira wa njinga.

"Bambo, iyitu yabooka," ndinatero.

"Ndi ukalamba umenewo, aphunzitsi. Inunso akakuikani padzuwa mupezeka nato timabowo."

Ndinabwerera kunyumba mutu uli balala. Masiku anayi ndinkangosinthasintha maganizo. M'mawa ndinkafuna yakale ija, chifukwa inaona maukwati ndi maubatizo a anthu amene ena a iwo ndikanawadziwa. Pofika masana ndinkakumbukira chifunga cha kwathu kuno, chimene chimanyowetsa ngakhale zovala za m'sutikesi, n'kumadzifunsa kuti chikumba chija chingathe miyezi ingati. Amuna anga tsiku lililonse ankayala masikuludiraiva awo patebulo n'kumawapukuta ine ndikuona.

Chimene chinandigamulira mlandu ndi mantha. Sindinafune kuti kamera imene yakhala moyo zaka zonsezo idzafere m'manja mwanga. Ndinauza mwana wanga kuti atumize yam'katoni ija. Ndinatumiza uthenga kwa mkulu uja kudzera mwa mayi wa kutchalitchi uja kuti sindigula kamera yake, ndipo iye anadzandiuza kuti mkuluyo atamva anawomba m'manja. Sankafuna n'komwe kuigulitsa.

Katoni inafika m'mwezi wa June, kuzizira kuli pachimake. Tinaitsegulira patebulo lodyera, ndipo kwa masiku atatu tinkadyera pamiyendo. Munali timatabwa topyapyala todulidwa kale, guluu, timasikuluwu tating'ono ngati nthangala za mpiru, ndi kabuku ka malangizo. Tinagawana ntchito: ine kuwerenga, iwo kumanga. Vuto linali lakuti iwo ankamanga mofulumira kuposa mmene ine ndinkawerengera.

"Dikirani, inu, ndikadali pa tsamba lachinayi."

"Ine ndili pa lachisanu ndi chiwiri."

"Mwalionera kuti?"

"Zimaoneka zokha izi."

Tsiku lachiwiri tinapeza kuti amata chimango cha galasi chozondoka. Tinachimatula ndi mpeni wotenthetsa m'madzi, wina osayang'ana mnzake. Kuyambira pamenepo ankadikira kuti ndimalize chiganizo, ngakhale ankachita kuguguda chala patebulo. Nsalu yofunda ndinasoka ndekha, yakuda m'kati, kunja chitenje cha maluwa achikasu.

Titamaliza tinaiimika pabalaza n'kubwerera m'mbuyo kuti tiione bwino. Kutsogolo kwake kunali bowo lozungulira, lopanda kanthu. Tinakhuthula katoni, tinasesa pansi pa mipando. Ndinaimbira mwana wanga.

"Amayi, ndinakulemberanitu kuti lenzi, diso la kamera, imagulidwa payokha. Munayankha kuti chabwino."

Ndinayang'ana mauthenga akale. Ndinayankhadi kuti chabwino.

Choncho ndinakweranso minibasi ya ku Linthipe, nditanyamula kathabwa ka bowo kaja m'chikwama. Mkuluyo anakatembenuza uku ndi uku, anakanunkhiza, kenako anamasula lenzi ya kamera yake n'kuiyesa. Inakwana, kungofunika kupala pang'ono m'mbali.

"Ndigulitseni diso lokhali," ndinapempha.

"Diso siligulitsidwa. Ndikubwerekani. Koma kumene likupita, inenso ndikupita."

Anabweradi Lachitatu lotsatira, lenzi ataikulunga m'sokosi n'kuiika m'thumba la m'kati mwa jekete. Anayendera kamera yathu mbali zonse, nagwedeza miyendo yake, n'kunena kuti amene anamanga ali ndi dzanja labwino. Amuna anga anamuthirira tiyi kawiri.

Tinakaiimika kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa munda wa mbatatesi, phiri likuonekera pang'ono m'mitambo. Ndinawakhazika awiriwo pabenchi. Ndili m'nsalu muja ndinkamva mkuluyo akulangiza amuna anga kuti asapume, asaphethire, aganize za chinthu chachisoni. Ndinalowetsa filimu, pepala limodzi lalikulu ngati chikhatho, ndinatsegula diso la kamera n'kuwerenga mumtima. Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo yawo, koma palibe anagwedezeka.

Filimuyo tinatsukira m'bafa masana omwewo, titatseka zenera ndi mabulangete awiri. Madzi a pampopi anali ozizira kwambiri moti mkuluyo analamula kuti tiwafunditse kaye, ndipo ankawayesa ndi chigongono ngati osambitsira khanda. Mumdimamo ndinkagwedeza mbale ya mankhwala, iye ali kunja kwa chitseko kundiwerengera nthawi mokweza.

Nditatuluka ndinaikweza kumwamba, ikudontha madzi. Anthu awiri analipo, benchi linalipo, ndi kamzere kotuwa pamene panadutsa nkhuku. Pafilimu zoyera zimaoneka zakuda, zakuda n'kuoneka zoyera. Mkuluyo anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anavula chipewa n'kudzisisita kumutu.

"Aphunzitsi, tsitsi langa mwalidetsanso. Musaonetse akazi anga, angayambe nsanje."

Anamasula diso lake, analibwezera m'sokosi, n'kufunsa ngati Lachitatu linalo kudzakhalenso tiyi.