Mchere wa Mayi Pechiyammal Unatsala Pageti

Mayi Pechiyammal analowa m'minda ya mchere ya ku Thoothukudi asanathe n'komwe msinkhu, ndipo mpaka pano akadali momwemo. Ntchito yake ndi yomweyi: kupondaponda dothi mpaka lilimbe, kulowetsa madzi a m'nyanja, kudikira dzuwa, kenako kukokera mchere ndi thabwa n'kusenza madengu. Mchere unawadya mapazi, zikang'a zawo mungabisemo njere ya mpunga. Maso nawo anayamba kuchita chifunga chifukwa cha kunyezimira kwa mindayo. Mwana wawo mmodzi yekha, Mariselvam, anaphunzira ndi mapazi amenewo mpaka anapeza ntchito ya muofesi mumzinda wa Madurai, n'kukwatira Vaishali, mwana wa anthu opeza bwino.

Mariselvam atamanga nyumba, mayiwo anadziwa gawo lawo popanda wowauza. Nyumba yatsopano munthu salowamo chimanjamanja, umatsogola ndi mchere ndi chikasu, katundu n'kumabwera pambuyo. Ndiye mchere wotsogola ungachokerenso kwa ndani, mayi ake a mwini nyumba ali moyo? Anasankha wa mibulu ikuluikulu, wotuwa, wosatsuka, nauika m'kadengu ka mlaza, naufukata pamiyendo ulendo wonse wa pabasi.

Anafika m'mawa, alendo atadzaza kale pabwalo. Pageti anawachingamira ndi Vaishali, maluwa ali mbuu kumutu.

"Apongozi, mwafika! Koma chimenecho n'chiyani?"

"Mchere wolowera nyumba, mwana wanga."

"Iii, mwavutikiranji? Tagula kale. Taonani." Anawaonetsa botolo lagalasi lomangidwa kansalu kukhosi. "Ndi wa m'nyanja weniweni, wosayeretsa. Woyera uja amauchotsa zonse zopatsa thanzi, umangotsala dzina. Uwu ndiye adokotala akuti tizidya. Akuti amakolola ndi manja."

Mayi Pechiyammal anayandikitsa botolo kumaso. Wotuwa. Mibulu ikuluikulu. Akanakhala woyera wa m'mapaketi akanangoti ana a m'tauni amanyansidwa ndi dothi, n'kuwakhululukira. Koma ayi, kutuwa amakufuna, dothi lomwe amalifuna, bola lifike m'botolo. Mtima unawawawa kwambiri, mkwiyo n'kuwakwera.

"Ndi manja a ndani?" anafunsa.

Vaishali anaseka, n'kuyang'ana kwa mwamuna wake. Mariselvam anabwera msanga, nawakokera mayi ake pambali, akulankhula chapansipansi ngati akubisa matenda.

"Amayi, chonde, lero lokha. Achibale ake a Vaishali ali pano, ena sadziwa za kumudzi. Ikani dengulo apo. Silitayika, tidzathira pamitengo ya kokonati kuseriku."

"Wati pati?"

"Pakokonati, Amayi. Imabereka bwino."

"Iwe Selvam, tandiyang'ana. Ine ndasenza mchere kuchoka ku Thoothukudi kudzakupatsa manyowa?"

"Musakweze mawu, anthu akumva."

"Amve! Kodi si alendo ako? Auze mayi ako amagwira ntchito yanji, kapena ndiwauze ndekha?"

Wansembe wotsogolera mwambo anaitana kuti nthawi yabwino yolowera nyumba ikudutsa, ndipo mnyamatayo, wopanda manyazi, anatembenuka n'kupita. Mayi ake anaimirira pageti pamene anthu anavula nsapato, akuona Vaishali akulowa ndi phazi lamanja, botolo lili m'manja awiri, akazi akululutira. Mkati anayamba kuwiritsa mkaka, monga mwa mwambo wolowera nyumba.

Patapita kanthawi Mariselvam anatulukanso, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, lowani mudye. Masamba a nthochi odyerapo ayala kale. Mukapanda kulowa anthu ationa bwanji?"

"Akuona mmene ulili."

Anasenza dengu lawo n'kulunjika kokwerera basi, osadya, osamwa ngakhale madzi a pamenepo. M'mawa mwake anali kale m'munda, thabwa m'manja, akukoka ngati mcherewo ndi umene unawalakwira.

Mariselvam amaimba foni, nthawi zina amatumiza ndi zithunzi za mdzukulu. Mayiwo amaziona, amalira, foni n'kuibweza m'thumba. Mdzukuluyo wayamba kuyenda tsopano, koma agogo ake nyumba ija sanaipondebe.