Oyilo Wosefera M'sokosi

Mumsewu wina wa m'tauni munali bambo wina amene ankayendetsa galimoto pang'onopang'ono moti apanjinga ankamupitirira akuimba mluzu. Sichinali chifukwa cha mantha ayi. Ntchito yake inali yonyamula mazira kuchokera kwa oweta nkhuku kukasiya m'magolosale, ndipo anaigwira zaka pafupifupi makumi atatu ndi kapikiapu kamodzi komweko, kamene akuluakulu ankati kale kanali koyera. Anthu onse ankangowatchula a Mazira. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankaitana dzina lomweli.

Anali munthu wabwino, tisawanamizire. Koma pa nkhani ya oyilo, abale, anali ndi chiphunzitso chawochawo.

"Oyilo sawola," ankatero, chala chili m'mwamba. "Amangotopa. Munthu akatopa mumamutaya kapena mumamupatsa tchuthi?"

Ndiye anali ndi oyilo wamagulu awiri, wina ali pantchito mu injini, wina ali patchuthi mu ndowa kuseri kwa nyumba, wovundikiridwa ndi thileyi ya mazira. Miyezi itatu ikatha, Loweruka m'mawa, ankalowa pansi pa galimoto n'kukhetsera wotopayo m'beseni. Kenako ankatenga botolo lodula pakati, kumangirira sokosi kukamwa kwake, n'kumathira wa mu ndowa uja pang'onopang'ono. Oyiloyo ankatuluka wakuda bii monga analowera, koma iwo ankamufikisa pakati pa zala, kumununkhiza, n'kugwedeza mutu mokhutira. Fyuluta ya oyilo, kachitini kaja kamene kamakola zinyalala mu injini, sankasintha. Ankaitsuka ndi palafini, kuiuzira ndi pakamwa mpaka masaya kutupa, n'kuiyanika padenga.

Ovutika anali mayi a m'nyumba. Akachapa masokosi awiri, pa chingwe pankatsala imodzi.

"A Mazira, inzake ya iyi ili kuti?"

"Ili pantchito."

Mpaka kumisonkhano ya makolo kusukulu bamboyo ankapita atavala yofiira kumanja, yabuluu kumanzere, n'kumakhala atabisa mapazi pansi pa benchi.

Tsopano imvani chodabwitsa. Mwana wawo woyamba, wamkazi, anali makaniko, wophunzira bwino ndithu. Anali ndi kashedi kake ka malata pafupi ndi siteji ya maminibasi, ndipo madalaivala ankamutchula asisi. Dzina limenelo sanalitole pamsewu. Analikhetsera thukuta zaka zisanu ndi chimodzi, poti poyamba madalaivala ankabwera kudzangoonerera mkazi atagwira sipanala. Pang'ono ndi pang'ono anazindikira kuti minibasi imene wagwira iye sibwereranso ndi matenda omwewo, ndipo m'mawa uliwonse pashedipo pankakhala mzere. Galimoto imodzi yokha ndi imene sinaimepo pamzerewo, ya bambo ake omubereka.

"Bambo," anatero tsiku lina atawapeza ndi sokosi m'manja, "mukudziwa kuti mu oyilo wakudayo muli timphumphu tachitsulo? Injini ikamazungulira imadzipala yokha. Tizitsulo timeneto ndi mwaye sizikodwa m'sokosi. Mukuibwezera mchenga kuti izidzikwecha. Ndipo fyulutayo mkati mwake ndi pepala, Bambo. Pepala salichapa."

"Iwe," anayankha a Mazira, "galimoto iyi ndi imene inakakutenga kuchipatala uli kakhanda kosatsegula maso. Lero ukandiphunzitse m'mimba mwake?"

Mwanayo sanalimbane nawo. Mawa lake anabwera ndi fyuluta yatsopano ndi chigubu cha oyilo woyera ngati uchi. A Mazira anaitembenuza fyulutayo uku ndi uku, anati ndi yokongola kwambiri, n'kukaiika m'kabati ya pabalaza pamodzi ndi makapu a alendo. Chigubucho anachilowetsa pansi pa bedi, kuti chidikire tsiku lalikulu.

Patapita miyezi, kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira kutsogolo kwa chiwongolero. A Mazira anakayang'ana, nako kanawayang'ana. Anamatula kapepala kolembapo mtengo wa mazira pa thileyi n'kukamata pamenepo. Anati kanyaliko kakalamba, kayamba kulongolola.

Linali Lachiwiri, mazira ali thothotho kumbuyo, pamene injini inalankhula yokha. Poyamba inati kho, kho, kho, ngati mlendo waulemu pakhomo. Kenako inati gu! gu! gu! ngati apolisi. Utsi unatuluka, galimoto inanjenjemera, n'kuti zii pakati pa msewu. Pamene inaferapo, shedi ya mwana wawo inkaoneka ndi maso, munthu atakuwa akanamveka. Koma manyazi adapha lambe. A Mazira anapempha anthu odutsa kuti awakankhire kwina, kutsetsereka mpaka kugalaja ya mkulu wina wotchedwa Chindevu, kumene ankaganiza kuti palibe wowadziwa bwino.

Chindevu anali munthu wa mawu ochepa, koma galaja yake inali ya anthu a mawu ambiri. Pabenchi panali madalaivala anayi a maminibasi akudikira matayala. Mkuluyo anamasula chibeseni cha pansi pa injini, ndipo chimene chinatulukamo sichinali oyilo. Linali phala lakuda lonyezimira tizitsulo. Analowetsa zala pa kasefa kamene pampu imakokera oyilo, n'kuyamba kusolola ulusi. Anasolola wofiira. Anasolola wabuluu. Anasololanso wina umene mtundu wake sunkadziwikanso. Madalaivala anadzuka pabenchi n'kuzungulira.

"Bambo," anatero Chindevu, "injini iyi yafa ndi ludzu. Ulusi watseka njira, oyilo samafika kumtunda. Zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaonepo injini yovala juzi mkati. Amakusamalirani galimotoyi ndani?"

Maso khumi anali pa a Mazira. Akanangoti ndine, nkhani ikanathera pa kuseka. Koma lilime linathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Aaa, ine za injini sindizidziwa. Amandionera ndi mwana wanga. Uja wa pasiteji."

"Asisi?" anafuula dalaivala wina. "Asisi ndi ana anu? Ndi amene apanga izi?"

A Mazira sanavomere, sanakane. Anangoyang'ana mazira.

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Madalaivala a minibasi nkhani saisunga, amaikweza pamodzi ndi anthu n'kumaitsitsa pa siteji iliyonse. Pofika Lachinayi zinkamveka kuti asisi amathira oyilo wakale m'zigubu zatsopano. Pofika Loweruka, ankati amatsekera nsanza mu injini kuti ubwerenso. Ndipo aliyense ankamaliza ndi mawu amodzi: ngati wachita zimenezi kwa bambo ake, nanga ife?

Sabata yotsatira mwanayo anayamba kufika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Ankapereka moni mwaulemu, kukhala pakhonde, n'kumangoyang'ana kumsewu. Mayi ake ndi amene anaona kaye manja ake.

"Taonani zikhadabo za mwanayu," anauza amuna awo kuchipinda. "Zayera mbee. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinazionepo zoyera. Akuti lero pashedi sipanaime ngakhale wilibala. Wamulodza ndani mwana wanga?"

A Mazira chakudya chinasiya kutsika. Ankapita kokatenga mazira pa njinga yobwereka, mathileyi asanu okha, akuzungulira njira yaitali kuti asadutse pasiteji. Mtima unkawawawa zenizeni, chifukwa mwanayo ankamunyadira, kungoti sanamuuzepo. Tsiku lachitatu anaulula kwa akazi awo, maso ali pansi.

Mayiwo sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anapita kuseri kwa nyumba, anatenga ndowa ya oyilo wa patchuthi, botolo lodula lija ndi sokosi imodzi pa chingwe, n'kuziika pamapazi pawo.

"Kusiteji kumene lafika bodzalo n'kumene mukalitole," anatero. "Musabwere muno musanatero."

Anafika pasiteji nthawi ya nkhomaliro, pamene madalaivala ndi makondakitala amakhala pamthunzi. Anaika ndowa pansi, anavula chipewa, anakhosomola. Palibe anawayang'ana. Ndiye anamenya ndowa ndi chitsulo.

"Ana anga, ndabwera kudzakuonetsani mmene munthu amaphera injini yake."

Anthu anayamba kusonkhana, ena akuganiza kuti akugulitsa mankhwala a makoswe. A Mazira anamanga sokosi pabotolo n'kuthira oyilo wakuda uja. Anafotokoza za tchuthi. Anafotokoza za palafini ndi kuuzira, mpaka anatupitsa masaya kuti aone. Za kapepala komata pa kanyali nazo sanabise. Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira siteji yonse. Kondakitala wina anagwa pa benchi atagwira m'mimba. Dalaivala uja wa kwa Chindevu anafunsa ngati sokosi ya nayiloni imasefa bwino kuposa ya thonje, ndipo a Mazira, mwa chizolowezi, anatsala pang'ono kuyankha.

"Sekani," anatero, mawu atayamba kusasa. "Sekani ndithu, ndine chitsiru chokalamba. Koma mwana wanga galimoto imene ija sanaigwirepo ngakhale boneti. Anandiletsa, sindinamve. Anandigulira fyuluta, ili m'kabati ndi makapu. Nditachita manyazi ndinamunamizira. Mukafuna wonyoza, nyozani ine. Iye mubwezereni dzina lake."

Kuseka kunazirala. Dalaivala wina wachikulire anakanda m'mutu n'kunena kuti yake yakhala ikutsokomola kuyambira Lolemba, ndipo amene anamupatsa kuti aikonze anangoiwonjezera chifuwa. Analowa m'minibasi yake n'kuiliza, kulunjika kushedi. Ina inatsatira.

A Mazira anadikira mpaka onse atathandizidwa. Anamupeza mwanayo akutsuka masipanala m'kabeseni, manja ali bii mpaka m'zigongono. Anaima pakhomo la shedi atagwira chipewa ngati munthu wofuna ganyu.

"Wamva zimene ndakanena uko?"

"Ndamva, Bambo. Akuti munatupitsa masaya."

"Ndine amene ndinayambitsa bodza lija. Kwa Chindevu."

"Ndikudziwa. A Chindevu anabwera tsiku lomwelo kudzandifunsa ngati n'zoona. Anabweretsa ndi ulusi womwe. Wofiirawo ndinauzindikira, masokosi ake ndinakugulirani ndine."

A Mazira anawerenga masiku mumtima. Tsiku lomwelo! Ndiye kuti masiku onse aja mwanayo ankawapatsa moni, kuwatengera madzi osamba, akudziwa.

"Nanga bwanji sunawauze? Ukanangoti ndi bambo anga amachita zimenezi, bwenzi ntchito yako isanaime ngakhale tsiku limodzi."

Mwanayo anaika sipanala pansi n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Ndikanaima pasiteji n'kunena kuti bambo anga ndi abodza? Ndinati ntchito ndikhoza kukaiyambanso kwina. Koma inu mumsewu uno mukanayendamo bwanji?"

Bamboyo anakhala pa tayala lakutha limene linali pakhomopo, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo analira ngati mwana, anthu akudutsa mumsewu. Mwanayo anakoka chitseko cha malata kuti asawaone.