Dzanja la Boonlert pa Mutu wa Mkulu

Kodi n'zotheka kuti munthu akhale katswiri pa ntchito inayake, koma nthawi yomweyo n'kukhala wosayenera kulembedwa ntchitoyo? Ambiri amayankha msanga kuti sizingatheke. Musanagwirizane nawo, tamvani za Boonlert.

Boonlert anabadwira m'banja la alimi a mpunga kunja kwa mzinda wa Khon Kaen, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand. Bambo ake anakamusiya ku kampu ya nkhonya mano a ubwana asanathe kuguluka, ndipo kumeneko ndi kumene anadya, kugona ndi kukulira. Nkhonya zake zinali zathu za ku Thailand zino, zomenya ndi zibakera, zigongono, mawondo ndi miyendo. Sanatchuke mpaka kuonekera pa kanema wa ku Bangkok. Anali wa m'mabwalo a pa zikondwerero za pa kachisi, kumene obetcha ankamukonda chifukwa sankadziwa kubwerera m'mbuyo.

Atapitirira zaka makumi atatu, chigongono cha mnyamata wina chinamupeza padiso lakumanja. Dokotala amene anamuchita opaleshoni sanabise mawu.

"Achimwene, tasoka mkati mwa disoli, koma latsala ngati pepala lonyowa. Mukadzalandira nkhonya ina pamenepa lidzazima, ndipo palibe amene adzaliyatsenso."

Mkazi wake, Kanlaya, ankagulitsa nkhuku yowotcha ndi mpunga womata m'mbali mwa msewu. Malondawo sankakwana kudyetsa banja ndi kusunga ana awiri pasukulu. Apa n'kuti a Montri, mkulu wokonza nkhonya za pa zikondwerero, akuimba foni mosatopa.

"Lert, mphwanga, anthu akukufunsa kuno. Ukudandaula diso limodzi? Si unabadwa ndi awiri?"

Kanlaya ndiye anaona chilengezo pa foni. Jimu yatsopano, malo olimbitsira thupi a m'nyumba yaikulu ya masitolo, inkafuna aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi, oti aziphunzitsa kasitomala mmodzimmodzi.

"Akuti wa satifiketi," anatero Boonlert atawerenga pang'onopang'ono ndi diso labwinolo. "Ine satifiketi yanga ndi zipsera zili pankhopezi."

"Ndiye ukawaonetse zomwezo. Moyo wako wonse anthu akhala akukupatsa zigongono, lero ukuopa kamtsikana ka mu ofesi? Akakukana sufa. Ukufuna ndidzakhale ndikukutsogolera ndi ndodo, nkhalamba iwe?"

Boonlert anavala malaya oyera amene anavala pa ukwati wa mlamu wake, n'kupita. Jimuyo inali yozizira ngati m'firiji, magalasi khoma lonse, ndipo simunkamveka fungo la mafuta opaka minofu limene iye ankaliyesa fungo la ntchito. Woyang'anira malowo anali a Wipada, mayi wocheperapo msinkhu kwa iye, wophunzira za masewera ku yunivesite. Anamulandira mwaulemu.

"Satifiketi ya uphunzitsi muli nayo, achimwene?"

"Ndilibe, bwana."

"Munagwirako ntchito yophunzitsa kwinakwake?"

"Ku kampu ndinkagwirira anzanga zotchingira akamamenya. Koma sinali ntchito, kunali kukhala basi."

"Nanga kasitomala atakomoka mukumuphunzitsa, mungatani?"

"Madzi a ayisi m'khosi, bwana, n'kumuimika asanawerenge khumi."

A Wipada anaseka mpaka kugwira pakamwa, koma sikunali kuseka konyoza. Anati malamulo a kampani sawalola kulemba munthu wopanda pepala ngati mphunzitsi, komabe makasitomala ambiri ankafunsa za nkhonya, ndipo ngati angachite bwino pomuyesa, iwo akamulankhulira kwa eni ake a jimuyo kuti ayambe ngati wothandizira. Panali kasitomala wina, a Thawatchai, mphunzitsi wamkulu wa sukulu wopuma pantchito, wa imvi mutu wonse, amene dokotala anawauza kuti azitulutsa thukuta. Mkuluyo anavomera mokondwa kuti Boonlert ayesedwere pa iwo.

Poyamba zinayenda bwino kuposa mmene aliyense akanayembekezera. Boonlert atangovala zotchingira m'manja, mantha onse anathawa. Anawaveka magolovesi a Thawatchai, nawaonetsa kaimidwe, nayamba kuitana nkhonya. Mkulu uja akamenya, iye ankafuula ngati wapwetekadi.

"Oho! Mundipha, aphunzitsi! Munali kuti masiku onsewa? Ina! Inanso!"

A Thawatchai ankaseka uku akupuma mwawefuwefu, nkhope ikuwala ngati ya mwana. Anthu ena anasiya makina awo n'kumaonerera. Boonlert anasuzumira pagalasi naona a Wipada akugwedeza mutu movomereza, ndipo mumtima mwake anaona kale akulowa pakhomo madzulo kukauza Kanlaya kuti foni ya a Montri isadzayankhidwenso.

Kenako mkulu uja anatopa. Phazi lakumbuyo linalowa mkati, chibwano chinakwera m'mwamba. Kwa munthu wa nkhonya, chibwano chokwera ndi nyumba yosatseka, ndipo thupi la Boonlert linachita zimene aphunzitsi ake ankamuchita tsiku ndi tsiku kuyambira ali mwana. Anakankha phazi la a Thawatchai ndi phazi lake kuti libwerere pamalo pake, n'kuika chikhatho pamwamba pa imvi zija, n'kutsitsa mutuwo pansi.

"Chibwano pansi, madala! Akugwetsani!"

Oonerera aja anayang'anana. Kuno ku Thailand ngakhale mwana wa m'kalasi yoyamba amadziwa kuti mutu wa mkulu sugwiridwa, ndi kuti phazi silikhudza munthu. Ometa tsitsi amayamba apepesa asanaike lumo pamutu wa nkhalamba. Boonlert naye ankadziwa zimenezi, koma ankazidziwa za panja pa masewera. Ku kampu, dzanja la mphunzitsi pamutu pako ndi chisamaliro, ndipo ndi dzanja lomwelo limene limakudalitsa usanalowe m'bwalo.

A Thawatchai anavula magolovesi pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, chimwalirire mayi anga palibe anaikapo dzanja apa."

Boonlert anagwada pomwepo, manja ali pamodzi pamwamba pa chipumi, napepesa mobwerezabwereza. Mkulu uja anamwetulira nati palibe kanthu, kenako anatenga thaulo lake n'kutuluka. Tonse timakudziwa kumwetulira kobisa mkwiyo kumeneko.

A Wipada sanamunamize kuti adzamuimbira foni. Anati nkhaniyo ifika kwa eni ake tsiku lomwelo, ndipo sangathenso kumulankhulira. Anamutchulira maphunziro a uphunzitsi a ku Bangkok, koma maphunzirowo ankafuna munthu womaliza sekondale, pamene iye sukulu anailekeza ku pulayimale.

Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa mlandu. Ena amati a Wipada anali wouma mtima, koma munthu amene akufuna kudzutsa wokomoka ndi madzi a ayisi sangapatsidwe nkhalamba ya mtima wofooka popanda kuphunzitsidwa kaye. Ena amati a Thawatchai ndi onyada, koma ulemu umene anakuliramo sangauvule limodzi ndi nsapato. Enanso amati Boonlert akanaganiza kaye. Akanaganiza liti, poti kampu inatha zaka zonsezo ikumuphunzitsa kuchita asanaganize? Anthu amene anapindula ndi mphamvu zake, obetcha ndi okonza nkhonya, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamukonzekeretsa za tsiku limene mphamvuzo zidzafune ntchito ina.

Boonlert anayesa majimu ena, koma kumeneko sanadutse n'komwe funso la satifiketi. Mvula itatha, zikondwerero zitayamba, a Montri anaimbanso, ndipo ulendo uno Boonlert anayankha.

Kanlaya analira, anatukwana, anabisa kabudula wa nkhonya pansi pa thumba la makala.

"Ukapita, usadzandiuze kuti sindinanene!"

"Wanena, mayi a ana. Koma m'bwalo mokha ndi mmene ndimadziwa poika manja anga."

Kanlaya sanapite kukaonerera. Anamva kwa anthu kuti mwamuna wake anamenya bwino zigawo ziwiri zoyamba, ndipo m'chigawo chachitatu mwendo wa womenyana naye unabwera kuchokera kumanja, mbali imene sankaona bwino. Dokotala yemwe uja analiyang'ana disolo nthawi yaitali, kenako anazimitsa katochi kake. Disolo linali litazima.

Lero Boonlert amatembenuza nkhuku pa makala pambali pa mkazi wake. Wogula akabwera chakumanja, Kanlaya amamugwira paphewa kuti atembenuke.

Ngati mumagwira ntchito mu jimu, kapena mumadziwa mmene makasitomala a malo otere amafunira kusamalidwa, pitani ku kampu ya nkhonya imene ili pafupi nanu. Funsani amene akuyandikira kusiya nkhonya, mupatule masana amodzi, muwaonetse mmene munthu amakonzera kaimidwe ka kasitomala ndi mawu, ndi mmene amapemphera chilolezo asanamukhudze.