Lilime la Azakhali ndi Kagalasi Kanga

Maso anga anayamba kundinamiza ndili ku sekondale. Nkhuku imodzi ndinkaona zitatu, ndipo tsiku lina ndinapereka moni kwa chitsa mpaka kuchifunsa za ana. Ndikulumbira. Magalasi ndinasintha katatu, osathandiza.

Dokotala wa maso ku Lusaka ndiye anapeza vuto. Anati kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, m'malo mobulungira, kankasongoka ngati chulu. Zikafika poipa amasokererapo ka munthu wina, koma ine anandipatsa timagalasi tiwiri tolimba, tofanana ndi mamba a nsomba, toika padiso penipeni. Nditavala ndinazindikira kuti mitengo ili ndi masamba, lililonse palokha. Amene anaganiza zimenezi, Mulungu amuonjezere masiku.

Tsiku lina chaka chimenecho tinkatonola chimanga kwathu ku Kanakantapa, ndipo mawa lake ndinali ndi mayeso a maso kuti andilembe ntchito yoyendetsa galimoto. Popanda timagalasito, panalibe ntchito. Fumbi linalowa m'diso lakumanja, misozi chuchuchu.

Azakhali anga, alongo awo a atate, ankadziwika mpaka ku Bundabunda pochotsa chitsotso ndi lilime. Sankapempha chilolezo. Anangondigwira mutu ngati dzungu.

"Khala phee, iwe! Nachiona, chikulu monga mbale."

"Azakhali, iyayi, ni ka dokotala ako!"

Lilime linali litadutsa kale. Analavulira kagalasi kanga pamulu wa chimanga n'kudzipukuta pakamwa.

"Wapola, mwana wanga. Anthu a ku Lusaka anakuiwalira botolo m'diso."

Luso lawo ndimalilemekeza mpaka lero. Ine kagalasiko ndinkalimbana nako theka la ola kuti katuluke.

Nditafotokoza, Azakhali anakhala pansi, manja pamutu. Amayi sanakalipe. Anauza aliyense kuti asasunthe phazi, anathamangitsa nkhuku, n'kutenga lichero. Muluwo unali woti boma lonse la Chongwe likanadya zaka ziwiri, ndipo amene akutsutsa sanalipo.

Amayi ankapeta pang'onopang'ono, khutu atalitchera kulichero.

"Amayi, simuzakaona, kalibe mtundu."

"Nani wakuuza kuti nifuna kukaona? Khala chete, nimvere."

Chimanga chikagwera m'lichero chimalira mwake, kamwala mwake. Amayi anali atamva zimenezi kuyambira ali mtsikana. Lichero lina, lina, linanso, ife tili chiimire ngati mizati. Dzuwa litapendeka anaima, anapetanso kamodzi, n'kutola kanthu ndi zala ziwiri.

"Aka sikalira monga chakudya."

Kanali kathunthu, kopanda mng'alu. Ndinakatsuka ndi mankhwala ake katatu, Azakhali akuyang'anira patali, milomo ataitseka ndi chitenje.

M'mawa ndinakwera minibasi ya ku Lusaka. Pa mayeso ndinawerenga zilembo zonse mpaka mzere wapansi, kenako ndinauza woyesayo kuti pakhoma pake pali nyerere yotsimphina. Anapita kukayang'ana. Ntchito ndinayamba Lolemba.