Mchere m'supu ya mafupa

Mkazi wanga anaphunzira supu imeneyi kwa sisitere wina wa ku Vietnam amene ankagwira naye ntchito pachipatala cha mishoni ku Mpanshya. Ankaiphika Lamulungu tikabwera ku Misa, ine n'kumamuseka kuti madzi si chakudya. Koma mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi panthawiyo, ankaikonda kuposa nyama.

Mkazi wangayo anamwalira m'nyengo yozizira, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Maliro atatha abale ake anabalalika, aliyense atanyamula chimene maso ake anakonda: wailesi, makina osokera, mapoto. Anatsala apongozi anga aakazi, ochokera ku Katete, kudikira mwambo wondisudzula. Anandipatsa malamulo atakhala potero, nkhope atayang'ana kumbali. Ndisamete, ndisagone pabedi, ndipo ndisathire mchere m'chakudya chilichonse, kuopa kumudula mwana. Ndinali mphunzitsi wopita kukoleji, koma sindinatsutse. Kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ndinkadziwa kuti akungofuna chifukwa chomutengera.

Mwanayo analeka kudya. Phala ankalisunga m'kamwa n'kukalavula kuseri kwa chitseko. Madiresi anayamba kumukulira.

"Kuno kulibe mkazi," ankatero apongozi, ngati akuuza khoma. "Mwana sakula ndi mabuku."

Loweruka lina ndinapalasa njinga kupita kumsewu waukulu, kumene ankapha ng'ombe, n'kupempha mafupa okhaokha.

"Aphunzitsi, mwayamba kuweta galu?" anafunsa wogulitsa nyama. Atakumbukira za maliro anandiwonjezera fupa lina.

Nditafika ndinapeza apongozi atapita kuchigayo. Ndinayatsa mbaula n'kutenga poto mmodzi amene anatisiyira, wopanda chogwirira. Sindinaphunzitsidwepo kuphika supuyi, ndinkangoonerera ndikuchonga makope a ana asukulu, koma ndinapeza kuti maso anasunga zambiri. Mafupa umayamba wawabwatitsa pang'ono, madzi oyambawo n'kutaya. Anyezi ndi jinja umaziwotcha pamakala mpaka khungu lide, n'kupala, n'kuponya m'madzi atsopano. Moto ukhale wochepa, poto azingonong'ona. Thovu likabwera pamwamba umaliwola ndi supuni, mobwerezabwereza, kufikira msuzi uyere moti n'kuona pansi pa poto. Sisitere uja ankathira madzi a nsomba a m'botolo ochokera kwawo. Mkazi wanga ankasinja kapenta pang'ono m'malo mwake, ndipo inenso ndinatero. Supageti wa mpunga kunalibe, choncho ndinawiritsa wamba, wotsala m'paketi imene mkazi wanga anagula ku Lusaka asanamwalire.

Nditalawa, zonse zinalimo kupatula mchere. Ndinaganiza zodikira apongozi kuti adzathire okha. Ndikutembenuka ndinaona mwana ataima pakhomo la khitchini, mbale yake yapulasitiki ili m'manja.

"Adadi, ndi ya amami?"

"Ee."

"Ndipatseni."

Ndinatapa mchere n'kuthira. Ndinamuikira supageti m'mbale, tinyama tochoka kumafupa, masamba a anyezi, n'kuthira msuzi wotentha, pamwamba n'kufinyira ndimu. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kumakoka supageti ndi milomo mpaka msuzi kumudonthera pachibwano. Anamaliza, anapempha wina.

Apongozi anafika akumwa wachiwiriwo. Anatula ufa, anaviika chala m'poto n'kulawa. Ine sanandifunse. Anagwada pafupi ndi mdzukulu wawo.

"Wakoma, mama?"

"Ee, ambuye."

"Nanga mchere wathira ndani?"

"Adadi!" anayankha monyadira.

Apongozi anaimirira, ananyamula poto ndi nsonga ya chitenje, n'kukakhuthula kudzala. Agalu a aneba anadya bwino tsiku limenelo.

Inali nyengo ya mphepo ndi fumbi, theka la kalasi langa linkatsokomola. Sabata isanathe nayenso mwana anayamba. Ndinapita naye kuchipatala, anati ndi chifuwa wamba, anatipatsa mankhwala akumwa. Koma uthenga unali utapita kale ku Katete, ndipo mlamu wanga, malume ake a mwana, anatsika basi ali ndi chikwama chopanda kanthu.

"Alamu, ife sitikana kuti munaphunzira," anatero titakhala pakhonde. "Koma mlongo wanga mwamuika m'manda, tsopano mufuna mutsirize ndi kamwanaka?"

Ndinawauza kuti mwana wayamba kudya, kuti ndamuphikiranso supuyo apongozi akuthira okha mchere, ndipo sanasiyeko. Ndinawaonetsa botolo la mankhwala. Mlamu analiyang'ana n'kuseka.

"Mdulo samwera za m'botolo, aphunzitsi."

Akulu a kwathu amene ndinawaitana ankangoyang'ana pansi. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndikalimbana nawo sandisudzula, ndidzakhala ndi mzimu wa mkazi wanga moyo wanga wonse.

Ndinaperekeza apongozi ndi mlamu kumsewu, mwana ali pahandulo ya njinga. Ankaganiza kuti akupita kukacheza, ndipo basi itaima anakwera yekha, kuthamangira mpando wa pawindo. Ndinapatsa apongozi botolo lija. Analilandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

Patapita mwezi anatuma munthu kudzandiuza kuti chifuwa chatha, mankhwala achikuda agwira ntchito, ndipo ndithokoze Mulungu kuti anamuchotsa msanga. Anati sukulu akayambira komweko.